Bambo Wamkulu Sathamanga

Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense ankangowatchula kuti Bambo Akuti, chifukwa ndi mawu amene ankayambira chiganizo chilichonse Lamulungu lililonse kwa zaka zambirimbiri. Mpingo wawo unali wa mtundu uja umene likulu lake lili kutsidya kwa nyanja, ndipo likululo linkatumiza abusa ake okhaokha, ngati kuti kuno kulibe munthu wodziwa kutsegula Baibulo. Abusawo akafika ankaphunzira kupereka moni ndi kunena zikomo, basi sukulu yathera pomwepo. Ulaliki wonse unkakhala m'chinenero cha kwawo, ndipo kumanzere kwawo kunkaima Bambo Akuti, jekete lakuda, tayi yofika pamchombo, dzanja limodzi kumbuyo, kudikira kuti abusa apume kuti iwo auze mpingo zimene Mulungu wanena.

Tisawanamizire, chinenerocho ankachimva bwino. Anachitola ali mnyamata, pamene ankaperekera zakudya pa hotela ina ya alendo. Vuto lawo silinali m'makutu ayi. Vuto linali lakuti kuchokera kukhutu kukafika pakamwa pawo panali kanjira kokhotakhota, ndipo mawu a Mulungu akadzera m'menemo ankatuluka atavala jekete la Bambo Akuti.

Mkati mwa sabata anali ometa tsitsi. Kashopu kawo kanali m'mbali mwa msewu waukulu, moyang'anizana ndi siteji ya minibasi. Kanali kachipinda kamodzi kokhala ndi mpando wozungulira umene unasiya kuzungulira, benchi ya odikira, kalilole wamkulu wobenthuka pakona, ndi shelefu ya makina ometera, zipeso, burashi ndi botolo la sipiriti. Munthu akakhala pampando wometera, nsalu itamuzinga m'khosi, pakamwa pamamasuka. Choncho pofika Loweruka madzulo Bambo Akuti ankakhala akudziwa amene wamenya mkazi, amene wabwereka chinthu osabweza, ndi amene akumaonedwa kuseri kwa golosale ndi mkazi wa telala. Zonsezi ankapita nazo kutchalitchi.

Abusa akangonena timawu tochepa toti uzikonda mnzako, Bambo Akuti ankayamba akonza kukhosi.

"Akuti uzikonda mnzako. Akuti ndipo mnzakoyo akakubwereka wilibala, uzibweza tayala lili lopopa, osati kungoikankhira kuseri kwa mpanda ngati mbava."

Mpingo wonse unkafa ndi phwete, makosi n'kutembenukira kwa mmisiri womanga nyumba amene ankakhala benchi yapakati. Abusa poona anthu akuseka ankamwetulira, kuganiza kuti ali ndi mphatso ya nthabwala. Mmodzi yekha, wandevu zambiri, ndi amene anafunsapo chifukwa chimene mawu ake afupiafupi ankatalikira chotero.

"Chinenero chathu n'chachitali, abusa," anatero Bambo Akuti nkhope ili gwa. "Chimene inu mumachinena kamodzi, ife timayamba tachizungulira."

Koma chinenero chachitalicho chinkafupika modabwitsa lemba likafika pa akuluakulu okonda mipando yakutsogolo ndi kulonjeredwa m'misika. Abusa ankatha kukhetsa thukuta ndime yonse, kumenya gome mpaka kapu ya madzi kugwedezeka, Bambo Akuti n'kungoti, "Akuti tizilemekeza akuluakulu."

Mwina mukufunsa ngati anthuwo analibe Mabaibulo a m'chinenero chawo. Anali nawo, ena okutira bwino ndi pulasitiki, ena osungiramo zithunzi ndi makadi a ana a kusikelo. Ankawapanira m'khwapa popita kutchalitchi n'kubwera nawo m'khwapa momwemo, ndipo Baibulo likanakhala kuti limalowa m'thupi kudzera m'khwapa, bwenzi mpingo umenewo uli wa oyera mtima okhaokha. Ochepa amene ankawerengako ankaona kusiyanako, koma ankati kaya, mwina la abusa ndiye lokwanira bwino poti linachokera kwa eni ake. Kandimverere anakanena za m'maluwa, koma anthu awa za m'maluwazo ankaziyankha ndi Amen.

Bambo Akuti sankaona ngati akunama. Ankadzitama nazo m'shopu muja, makina akulira m'manja. "Mawu ali ngati tsitsi," ankatero. "Sungangowasiya mmene amerera. Umameta malinga ndi mutu wa munthu."

Ndiye panali nkhani imodzi imene anaimeta mpaka mpala. Inkawerengedwa chaka chilichonse nyengo yomweyomweyo. Ndi ija ya mwana amene anatenga gawo lake la chuma, n'kukalimwaza kutali, njala itamukhaulitsa n'kuganiza zobwerera kwawo. Abusa onse ankainena mofanana, kuti bamboyo anaona mwana wake akali patali, chifundo chinamugwira, anathamanga n'kukamukumbatira. Tsiku loyamba kumva zimenezi Bambo Akuti zinawanyansa. Bambo wamkulu, wa antchito ndi ziweto, kukwinya mkanjo n'kumathamanga mumsewu anthu akuona? Kuthamangira ndani, kamwana kamene kanamuchititsa manyazi? Kwawo kwa abusa mwina zimatheka, poti kumeneko ngakhale nkhalamba zimathamanga m'mamawa popanda chozithamangitsa. Koma kuno zikanangophunzitsa ana mwano. Choncho anaikonza.

"Akuti bamboyo anamuona akali patali, koma anakhala phee pampando wake, pakuti bambo wamkulu sathamanga. Akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akuti mwanayo anayenda yekha mpaka pakhomo, anagwada, anapepesa anthu onse akumva, ndipo pamenepo m'pamene bamboyo anamudzutsa."

Azibambo anaikonda nkhaniyi kuposa ina iliyonse. Ankagwedeza mitu n'kumayang'ana ana awo chamcham'mbali. Mawu oti bambo wamkulu sathamanga anatuluka m'tchalitchi n'kulowa m'makomo, ndipo panali anthu amene akanatha kulumbira kuti anawaona ndi maso awo m'Baibulo, kungoti chaputala chake chawathawa pang'ono.

Bambo Akuti anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Ali wamng'ono ankayenda mosamala ngati sakufuna kuti fumbi limukhudze, ndiye amayi ake anamupatsa dzina loti Dona, ndipo linamumatirira. Anakulira pa benchi yakutsogolo, akumva bambo ake akukhazika bambo wa m'nkhani ija pampando chaka ndi chaka. Kusekondale anachigwira chinenero cha abusa kuposa anzake onse, ndipo Bambo Akuti ankauza kasitomala aliyense kuti mutu umenewo anatengera kwa iwo. Sanaganize kuti mutuwo uli ndi makutu, ndi kuti makutuwo amapita nawo kutchalitchi.

Lamulungu lina, chaka chake chomaliza sukulu, ali patebulo masana, Dona anayankhula ngati akunena za nyengo.

"Bambo, lero abusa anati bambo uja anathamanga."

Supuni ya Bambo Akuti inaima m'malere. "Wati chiyani?"

"Anati anathamanga. Ananena kawiri. Ndayang'ananso m'Baibulo la amayi, ndi momwemonso."

"Idya, Dona," anatero amayi ake, amene anaona mitambo ikuda.

Bambo Akuti anaika supuni pansi n'kumufotokozera mwaulemu wonse za tsitsi ndi mitu ya anthu, ndi kuti kumasulira si ntchito ya ana a sukulu. Dona anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye amene analemba uja sankadziwa kuti bambo wamkulu sathamanga? Anachita kudikira inu kuti mudzamukonzere?"

Atatero anaseka. Kanali kaseko kakang'ono, kotulukira m'mphuno, koma ndi kamene kanaphwasula nyumba. Munthu amene kwa zaka zonsezi ankayankhidwa Amen ndi mpingo wathunthu sakanalola kusekedwa patebulo lake ndi mwana wobereka yekha.

"Sudzadyanso patebulo pano mpaka utagwada n'kupepesa," anatero.

Kuuma mutu nakonso Dona anatengera kwa iwo omwe. Anadyera kukhitchini mpaka mayeso atatha, kenaka ananyamula kachikwama n'kukwera minibasi yopita kumzinda waukulu. Nkhani zake zinkabwera zoduladula. Anamveka kuti wapeza ntchito m'sitolo, kenaka kuti wakwatiwa ndi dalaivala wa malole, kenaka kuti dalaivala uja wapita ndi lole yake osabwerera, atamusiyira mwana. Pambuyo pake nambala yake ya foni inasiya kugwira.

Mayi a Dona anali munthu wathupi, wa maondo otupa, amene kukwera sitepe imodzi yokha ankachita kugwira khoma. Madzulo aliwonse ankakhala pakhonde atayang'ana kumsewu.

"Bambo a Dona, simungapite kukamufunafuna? Ine ndi maondo angawa ndingafike kuti?"

"Njira akuidziwa," ankayankha choncho. "Chitseko sindinakhome."

Chilungamo chake n'chakuti Bambo Akuti mwanayo ankamusowa, ndipo zinkawadya m'kati. Kachithunzi kake ka yunifolomu anakapanikiza pakona ya kalilole, ndipo minibasi iliyonse ikaima pasiteji maso awo ankathawa pamutu wa kasitomala n'kukawerenga otsika. Makasitomala angapo anatuluka m'shopu muja ndi zigamba m'mutu chifukwa cha zimenezi. Ankafuna Dona abwere. Koma ankafunitsitsa kuti abwere chogwada, anthu akuona, kuti zidziwike kuti Baibulo la Bambo Akuti ndiye linali loona.

Zaka zinapita. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, pampando wometera panakhala mkulu wa mpingo, bambo wa mimba yake ndi mawu ake, amene ankameta kwa Bambo Akuti kuyambira tsitsi lake likali lakuda. Makina anali atadya mbali imodzi ya mutu pamene Bambo Akuti anakweza maso pa kalilole n'kumuona.

Dona anali ataima kutsidya kwa msewu, pafupi ndi mayi wogulitsa nthochi. Anali atawonda mpaka diresi kumangolendewera, nsapato zitatha mbali imodzi. Dzanja lina linanyamula kachikwama komwe kaja, lina linagwira kamtsikana kakang'ono kamene kankayesetsa kusaponda pamatope. Dona sankayang'ana uku ndi uku ngati wosochera. Ankayang'ana pakhomo la shopu, ndipo sankasuntha.

Miyendo ya Bambo Akuti inafuna kupita yokha, ndipo phazi limodzi linali litaloza kale kukhomo. Pamenepo mkulu wa mpingo uja, amene nayenso ankaona mukalilole momwemo, anatukula chibwano pamwamba pa nsalu.

"Kodi si Dona wanu uyo? Eee, dziko lamuphunzitsa." Anaseka mimba n'kugwedezeka. "Musatekeseke, achimwene. Bambo wamkulu sathamanga. Munatiphunzitsa nokha, ndipo ine kwanga zinandithandiza. Msiyeni awoloke yekha."

Pa benchi panali anthu ena odikira, onse a mpingo womwewo, onse maso ali pa Bambo Akuti. Msewu unali waufupi, woti munthu angawoloke asanamalize kupuma kawiri. Koma kuwoloka kunali kuvomera pamaso pa anthu amenewa kuti zaka zonsezi ankawadyetsa zophika okha. Phazi lija linabwerera pamalo pake.

"Zoona," anatero Bambo Akuti. "Weramani pang'ono, ndikonze m'khosimu."

Sanametepo munthu mosamala ngati tsiku limenelo. Anawongola mzere wa pamphumi, anadula tsitsi la m'makutu, anapukuta ndi burashi, anathira sipiriti, uku diso limodzi lili pa kalilole, kudikira kuti mwana uja ayambe kuwoloka. Makondakitala ankamuzungulira Dona, kumukoka chikwama, iye osawayankha. Kamtsikana kaja kanatopa n'kukhala pansi. Dona anaimabe, anaimabe. Kenaka anawerama n'kuyankhula ndi mayi wa nthochi uja, ananyamula mwana wake, n'kulowa m'minibasi imene inali itayang'ana kumene anachokera. Pamene Bambo Akuti ankakutumula nsalu pakhomo, pasiteji panali utsi wokha.

Kunyumba sananene kanthu. Koma mayi wa nthochi anali atawatsogolera kale, ndipo anapeza mayi a Dona atakhala patebulo lopanda mbale, maso ali psuu.

"Mwana wanga anabwera," anatero mayiwo.

"Anaima kutsidya. Sanafike pakhomo."

"Anasiya mawu. Wati mukawauze amayi kuti ndikukhala kuseri kwa msika waukulu kumzinda, kumene amasoka matumba. Watinso ndinaima patali dala, kuti ndione ngati m'shopumo muli bambo wa m'buku kapena bambo wa Bambo Akuti. Wati ndamuona."

"Mwano womwe uja," anatero Bambo Akuti akumasula tayi. "Ndiye kuti njala sinamukhaulitse mokwanira. Adzabweranso."

Mayi a Dona anawayang'ana nthawi yaitali, mmene munthu amayang'anira chovala chimene wachisunga zaka zambiri n'kuchipeza chitadyedwa ndi njenjete. Usiku umenewo ndi masiku otsatira anaphika, anachapa, anasita jekete lakuda lija, koma pakhonde sanakhalenso.

Patangopita masabata ochepa nyengo ya nkhani ija inakwana. Pa nthawiyi mpingo unali ndi m'busa watsopano, wachinyamata, wamtali ngati mlongoti, amene sankatha kulalikira ataima malo amodzi. Anzake onse akale ankangoiwerenga nkhaniyo ali kuseri kwa gome, ndipo zimenezo zinkawapepukira Bambo Akuti. Uyu atafika pamene bambo anaona mwana wake patali, anaika dzanja pamphumi ngati akusuzumira kutali. Kenaka anakwinya mkanjo wake mpaka m'maondo, anatsika paguwa, n'kuthamanga kudutsa kutsogolo konse kwa tchalitchi, manja atatambasula, mpaka kukakumbatira mpweya pafupi ndi kwaya. Anatembenuka akupuma mwawefuwefu, nkhope ikuwala, n'kuyang'ana womasulira wake.

Anthu anali ataona ndi maso awo munthu akuthamanga, ndipo nkhani imene ankaidziwa inalibe wothamanga. Mkulu wa mpingo uja anakwinya pamphumi. Kumbali ya azimayi, mayi a Dona anali atakweza mutu koyamba m'masabata onsewa, ndipo ankayang'ana amuna awo molunjika.

Bambo Akuti anadziwa chimene chinali patsogolo pawo. Panangofunika mawu ochepa, oona, ndipo mayi aja akanawakhululukira, mwina mawa lake bwenzi akukwera limodzi minibasi. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana mkulu wa mpingo, anakonza kukhosi.

"Akuti," anatero, "umu ndi mmene mwanayo anathamangira kudzagwada pamaso pa bambo ake."

"Amen!" unayankha mpingo, mitima itakhala pansi. Mkulu uja anagwedeza mutu mokhutira. Kunena zoona, pa luso lokha, Bambo Akuti sanametepo bwino chotero.

Benchi inalira kumbali ya azimayi. Mayi a Dona anadzuka movutikira atagwira phewa la mnzawo, ndipo sanakweze mawu, koma anamveka mpaka kukhomo.

"Bambo a Dona, ine chinenero cha abusa sindichimva. Koma munthu wokagwada satambasula manja chonchija."

Anasiya Baibulo lawo pa benchi, anatenga kachikwama ka m'manja, n'kuyamba kutuluka pakati pa mabenchi, akutsimphina. Palibe amene anawagwira. M'busa wachinyamata uja, amene sanamve kanthu, anasendera kwa womasulira wake n'kufunsa monong'ona chimene mayiwo anena.

"Akuti ulaliki wawakhudza kwambiri," anatero Bambo Akuti m'chinenero cha abusa.

M'busayo anamwetulira mosangalala n'kubwerera paguwa. Chitseko cha tchalitchi chinali chotsegula, ndipo kuchokera pamene anaima Bambo Akuti msewu unkaoneka mpaka kusiteji. Minibasi ya kumzinda inali itadzaza, kondakitala akumenya chitseko kuti inyamuke. Anaona akazi awo akuvula nsapato n'kuzigwira m'manja. Kenaka mayi aja, amene sitepe imodzi ankachita kugwira khoma, anakwinya diresi n'kuyamba kuthamanga pakati pa msewu, thupi lonse likugwedezeka, mpango ukugwa, akukuwira kondakitala kuti adikire. Ana a m'mbali mwa msewu ankaseka, iwo osatembenuka. Minibasi inaima.

Abusa anali atanena kale chiganizo china ndipo ankadikira. Bambo Akuti anatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Akuti," koma zimene abusa ananena sanazimve.